Manambala, Madeti ndi Nthawi pa Webusaiti: Mafunso Amene Opanga Mapulogalamu Amafunsa

Wopanga mapulogalamu akauzidwa kuti webusaiti yake ikagwiritsidwanso ntchito kunja kwa dziko, maganizo ake amathamangira pa kumasulira mawu: mabatani, mitu, mauthenga. Ntchito imeneyo ndi yofunika ndithu, koma batani lomasuliridwa mokhota munthu amalidinabe n'kupitiriza. Deti lowerengedwa mozondoka ndiye limam'siyitsa ndege, ndipo mtengo wowerengedwa molakwika umam'dyera ndalama. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera pakati pa ongoyamba kumene ntchitoyi. Zitsanzo zambiri ndi za JavaScript chifukwa ndi imene browser iliyonse imamva, koma mfundo zake n'zomwezo ku PHP, Python kapena Java.

Nambala ndi nambala kulikonse. Chosintha n'chiyani pamenepa?

Kuchuluka kwake sikusintha, chimasintha ndi kalembedwe. Tengani 1,234,567.89 mmene timalembera ku Malawi, ku Zambia, ku Britain ndi ku America. Wa ku Germany kapena ku Brazil amalemba 1.234.567,89: pamene ife taika mpatuliro iye amaika kadontho, pamene taika kadontho iye amaika mpatuliro. Ku France amasiya kampata, 1 234 567,89. Ku Switzerland mupeza 1’234’567.89. Ku India manambala sagawidwa atatuatatu mpaka kumapeto. Atatu omaliza amakhala paokha, enawo awiriawiri, 12,34,567.89, chifukwa kumeneko amawerenga m'magulu a lakh ndi crore. Ndipo wowerenga Chiarabu ku Egypt anazolowera zizindikiro zina za manambala, zosiyana ndi 1, 2, 3 zathuzi.

Musaganize kuti izi n'zakutali. Wolankhula Chichewa wa ku Angónia kapena ku Tete anaphunzira masamu m'Chipwitikizi, ndipo pa lisiti yake 1.500,00 MT ndi ndalama zokwana 1,500. Tiyerekeze kuti walowa pa webusaiti yopangidwa ku Lilongwe n'kulemba 1.500 m'bokosi la ndalama. Pulogalamu ikaitana parseFloat("1.500") ipeza 1.5. Mnzake wa ku Dedza akalemba 1,500, parseFloat imaima pa mpatuliropo n'kubweza 1. Palibe chenjezo lililonse limene lingatuluke. Nambala yolakwikayo imangolowa mu database mwakachetechete, n'kudzaonekera kumapeto kwa mwezi, mabuku akakana kugwirizana. Choncho bokosi lolandira nambala lizidziwa kalembedwe ka wolembayo, ndipo lisanatumize lizimuonetsa zimene lamva kuti avomereze.

Palinso manambala amene si owerengera zinthu: nambala ya foni, ya chiphaso, ya akaunti ya kubanki. Amenewa asungidwe ngati mawu, apo ayi 0 woyambirira uja amasowa. Chaka nachonso chisadutse m'chida chogawa manambala, chingatuluke 2,025.

Nanga madeti, vuto lake lili pati?

Malawi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julayi 1964. Ife tingalembe 06/07/1964, tsiku patsogolo, mwezi pakati. Wa ku America akaona zimenezo awerenga 7 Juni, chifukwa kwawo mwezi ndiwo umatsogola. Ku Japan ndi ku China chaka ndicho chimayamba. Ku Germany amalemba 06.07.1964. Choopsa n'chakuti masiku 12 oyambirira a mwezi uliwonse amawerengeka mbali zonse ziwiri, ndiye wowerenga sakayikira n'komwe kuti mwina walakwitsa.

Mawebusaiti ambiri opangidwa kwathu konkuno amaonetsa madeti a Chimereka, osati chifukwa wina anasankha choncho, koma chifukwa laputopu ya wopangayo kapena seva inabwera itaikidwa kale pa en-US ndipo palibe anasintha. Ngati malo alipo, lembani dzina la mwezi: 6 Julayi 1964. Kalembedwe kameneka palibe amene angakawerenge mozondoka. Pa tikiti, pa tsiku lokaonana ndi dokotala, pa tsiku lomaliza kulipira fizi, ine ndimaona kuti deti la manambala okhaokha siliyenera kuloledwa.

Ndiye mu database tizisunga chiyani?

Mutu wa nkhani yonse uli apa. Chosunga ndi chosonyeza n'zinthu ziwiri. Mu database musunge m'njira imodzi yosakayikitsa, yosatengera dziko lililonse. Kalembedwe ka dziko la wowerenga kabwere pomalizira penipeni, pamene chinthucho chikutuluka pa sikirini. Nambala isungidwe ngati nambala, yopanda mpatuliro. Deti litsate ISO 8601, muyezo umene unatuluka koyamba mu 1988: chaka, mwezi, tsiku, monga 2025-07-06. Kalembedwe kameneka kali ndi ubwino wina wakuti madeti akasanjidwa monga mawu amakhalanso atasanjika monga nthawi.

Koma malangizo otchuka akuti chilichonse chisungidwe mu UTC (nthawi ya muyezo ya dziko lonse lapansi) ndi oona pang'ono chabe, chifukwa nthawi zimene pulogalamu imasunga zili m'mitundu yosiyana.

Pali mphindi imene chinthu chinachitikadi, monga pamene ndalama zinalowa kapena uthenga unatumizidwa. Imeneyi ndi imodzi padziko lonse, ndipo UTC ndi yoyenera. Mukasunga 2025-07-06T08:30:00Z, wa ku Blantyre aona 10:30 m'mawa, wa ku Dar es Salaam 11:30, wa ku London 09:30, ndipo onse akunena zoona.

Kenako pali deti lopanda ola, monga tsiku lobadwa. Apa ndiye ambiri a m'chigawo chathu chino amagwa, ndipo tiyeni tione bwinobwino mmene zimachitikira. Munthu ali ku Zomba wasankha 20 Meyi 1990. Pulogalamu ipanga new Date(1990, 4, 20), ndipo 4 ameneyo ndi Meyi chifukwa JavaScript imawerenga miyezi kuyambira pa 0. Zimene yapangazo ndi 12 koloko usiku, poyambira pa tsikulo, nthawi ya ku Malawi. Potumiza ku seva iitana toISOString, imene imatembenuzira zonse ku UTC. Ife tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye chotuluka ndi 1990-05-19T22:00:00.000Z. Wopanga pulogalamu adula zilembo khumi zoyambirira kuti atsale ndi deti lokha, ndipo munthu uja walembedwa kuti anabadwa pa 19. Tsiku lobadwa silisintha munthu akakwera ndege, choncho lisapatsidwe ola kapena chigawo cha nthawi. Lisungidwe ngati deti basi, mu mtundu wa DATE umene database zambiri za SQL zili nawo.

Mtundu wachitatu ndi nthawi ya m'tsogolo imene anthu apangana pamalo penapake, monga msonkhano wa 9 koloko m'mawa Lolemba lililonse ku London. Musunge ola limenelo pamodzi ndi dzina la chigawo, Europe/London. Mukaitembenuzira ku UTC lero, mawotchi a kumeneko akadzasintha msonkhanowo udzasuntha ndi ola lathunthu.

Kwathu sitisintha mawotchi. N'chifukwa chiyani ndizivutika ndi zigawo za nthawi?

N'zoona kuti Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ali pa UTC+2 chaka chonse, ndipo South Africa nayonso ili pomwepo. Koma ogwiritsa ntchito webusaiti yanu sali onse m'chigawo chino, ndipo kawirikawiri seva yeniyeniyo ili kunja. M'bale wathu amene ali ku Leeds amakhala m'mbuyo ndi maola awiri mu Januwale, koma mu Julayi ndi ola limodzi lokha. Britain imakankha mawotchi Lamlungu lomaliza la Malichi n'kuwabweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Pa 30 Malichi 2025 wotchi ya ku London inachoka pa 01:00 n'kufika pa 02:00, kutanthauza kuti 01:30 kunalibe tsiku limenelo. Pa 26 Okutobala 01:30 yomweyo inachitika kawiri. America imasintha pa masiku ena, Lamlungu lachiwiri la Malichi ndi Lamlungu loyamba la Novembala. Pulogalamu imene imapeza "mawa" powonjezera maola 24 imasokonezeka pa masiku ngati amenewa.

Malamulo a nthawi amapangidwa ndi maboma, ndipo boma limatha kusintha maganizo. Namibia inasiya kusinthasintha mawotchi mu 2017. Egypt inayambiranso mu 2023. Samoa inalumpha tsiku lathunthu: kumeneko kunalibe 30 Disembala 2011. Komanso si zigawo zonse zimene zimasiyana ndi maola athunthu, pakuti India ili pa UTC+5:30 ndipo Nepal ili pa UTC+5:45.

Zonsezi zinasonkhanitsidwa m'kaundula wotchedwa tz database, amene anayambitsidwa ndi Arthur David Olson m'zaka za m'ma 1980, ndipo kuyambira mu 2011 amasungidwa pansi pa IANA. Mayina ake ndi monga Africa/Blantyre, Africa/Lusaka, Africa/Maputo ndi Europe/London. Muzigwiritsa ntchito mayina amenewa, osati "+2" kapena zidule. Chidule cha IST chokha chikhoza kuimira nthawi ya ku India, ya ku Israel kapena ya ku Ireland.

Malamulo onsewa ndiwalembe ndekha?

Ayi, musayese n'komwe. Bungwe la Unicode Consortium limasunga nkhokwe yotchedwa CLDR, mmene muli kalembedwe ka manambala, madeti, ndalama, mayina a miyezi ndi a masiku a zilankhulo zambirimbiri. Laibulale ya ICU imagwiritsa ntchito nkhokwe imeneyi, ndipo mu JavaScript khomo lake ndi Intl, imene inakhazikitsidwa ndi muyezo wa ECMA-402 mu 2012. Mukalemba new Intl.NumberFormat("de-DE").format(1234567.89) mulandira 1.234.567,89. Mukasintha n'kuika "en-IN" mulandira 12,34,567.89. Pa madeti pali Intl.DateTimeFormat, imene mungaiuze chilankhulo, chigawo cha nthawi ndi kutalika kwa deti. PHP ili ndi NumberFormatter ndi IntlDateFormatter, Python ili ndi Babel ndi zoneinfo, Java ili ndi java.time kuyambira mu 2014.

Ngati mukuyamba pulogalamu yatsopano, dziwani kuti eni ake a Moment.js analengeza mu 2020 kuti sakuikulitsanso ndipo analimbikitsa anthu kusankha zina, monga Luxon kapena date-fns. Palinso Temporal, njira yatsopano ya JavaScript imene imasiyanitsa bwino mitundu itatu ya nthawi ija. Firefox inayamba kukhala nayo mu 2025.

Ndingadziwe bwanji kalembedwe kamene munthu akufuna?

Browser imanena. Potsegula tsamba imatumiza Accept-Language, ndipo mkati mwa tsambalo mungafunse navigator.language. Chigawo cha nthawi chimapezeka pa Intl.DateTimeFormat().resolvedOptions().timeZone. Koma zonsezi muzizitenga ngati zongoyambirapo. Mafoni ambiri amafika m'manja mwa eni ake ali pa Chingerezi cha ku America ndipo amakhala choncho mpaka kale. Adiresi ya IP nayo imanamiza munthu akakhala pa VPN kapena pa ulendo.

Chachikulu n'kusamangirira pamodzi zinthu zinayi zimene n'zosiyana: chilankhulo, kalembedwe ka dziko, chigawo cha nthawi ndi mtundu wa ndalama. Namwino wa ku Malawi amene akugwira ntchito ku Manchester akhoza kufuna mawu a Chichewa, nthawi ya ku London, ndi ndalama za makwacha chifukwa akulipirira mwana fizi kumudzi. Webusaiti imene imaganiza kuti aliyense wosankha Chichewa ali ku Malawi imuonetsa ola lolakwika. M'patseni malo osankha chilichonse pachokha, ndipo zimene wasankha zisungidwe mu akaunti yake.

Ndalama zili ndi zake zapadera?

Zilipo, ndipo cholakwa chake chimawawa msanga. Choyamba, chizindikiro sichikwanira. K500 ku Chipata ndi K500 ku Mchinji ndi ndalama zosiyana kutali, ngakhale matauni awiriwa ali moyandikana. Nambala iliyonse ya ndalama iyende limodzi ndi chidule chake cha ISO 4217: MWK ya Malawi, ZMW ya Zambia, MZN ya Mozambique. Zidulezi zimasinthanso. Pa 1 Januwale 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa kwacha yake, ndipo ZMK inasanduka ZMW. Mabuku amene anasunga manambala okha opanda chidule sangasiyanitse ndalama za 2012 ndi za 2013.

Chachiwiri, mtundu wa ndalama usatengere chilankhulo cha wowerenga. Mtengo wa makwacha ukaonetsedwa kwa munthu wa ku Germany, kalembedwe kasinthe koma ndalamazo zikhalebe makwacha.

Chachitatu ndi masamu a kompyuta. Mu JavaScript 0.1 + 0.2 amatulutsa 0.30000000000000004, chifukwa cha mmene muyezo wa IEEE 754 umasungira tizigawo ta manambala. Choncho ndalama zisungidwe mu DECIMAL, kapena ngati nambala yathunthu ya matambala. Ngakhale tambala sitikuionanso pamsika, m'mabuku a kubanki ikadalipo. Ndipo musaganize kuti ndalama iliyonse ili ndi manambala awiri pambuyo pa kadontho: yen ya ku Japan ilibe ndi imodzi yomwe, dinar ya ku Kuwait ili ndi atatu.

Nanga webusaiti ikakhala ya m'Chichewa?

Apa pali ntchito imene palibe wakunja angatichitire. Mapulogalamu ambiri anamangidwa poganiza Chingerezi: amatenga nambala n'kuilumikiza ndi mawu, monga 3 + " days ago". Womasulira akangopatsidwa kachidutswa ka kumapetoko, manja ake ndi omangika, chifukwa ife dzina limatsogola ndipo mawu otsatira amagwirizana nalo. Timati masiku 3 apitawo, miyezi 3 yapitayo, zaka 3 zapitazo, maola 3 apitawo, mphindi 3 zapitazo. Chikakhala chimodzi timati mwezi umodzi wapitawo, chaka chimodzi chapitacho. Ndipo tsiku limodzi kapena awiri m'mbuyomu munthu amangoti dzulo kapena dzana. Palibe mawu amodzi amene mungamate kumapeto n'kukwanira zonsezi. Womasulira apatsidwe chiganizo chathunthu chokhala ndi malo oikamo nambala, chimodzi cha masiku, china cha miyezi, china cha zaka, ndipo chilichonse chikhale ndi mtundu wa chimodzi ndi wa zambiri. ICU MessageFormat inapangidwira zimenezi. Vutoli si lathu lokha: mu CLDR Chiarabu chili ndi magulu asanu ndi limodzi a kuchuluka, pamene Chijapani chili ndi gulu limodzi.

Pa ola, AM ndi PM sizinena kanthu kwa owerenga ambiri, ndipo 12:00 AM imasokoneza ngakhale ophunzira. Ife timati 8 koloko m'mawa, 2 koloko masana, 5 koloko madzulo, 10 koloko usiku. Uthenga wa pa foni wokumbutsa mayi tsiku la sikelo ulembedwe motero. Pa ndandanda ya mabasi kapena ya ndege wotchi ya maola 24 ndi yabwino, chifukwa 14:00 ili ndi tanthauzo limodzi.

Chiswahili, Chizulu ndi Chiamhariki zili ndi zambiri mu CLDR. Chichewa, chimene chizindikiro chake ndi ny, chikadali m'mbuyo. Musanadalire browser, ifunseni ndi Intl.DateTimeFormat.supportedLocalesOf("ny"). Ikabweza mndandanda wopanda kanthu, dziwani kuti ingogwiritsa ntchito chilankhulo chake cha nthawi zonse osakuuzani. Zikatero, manambala alembedwe ndi en-MW kapena en-GB, ndipo mayina a miyezi ndi a masiku muwasunge nokha m'mafayilo a zomasulira. Pamenepo mukumana ndi funso lina: ena amalemba Sepitembala, ena Seputembala, ndipo nyuzipepala zina zimangosiya mayina a Chingerezi. Sankhani kalembedwe kamodzi n'kukhala nako pa webusaiti yonse. Koma kuti wopanga mapulogalamu aliyense azisunga mndandanda wakewake n'kutaya mphamvu. CLDR imalandira zopereka kudzera mu Survey Tool yake, ndipo ndikanakonda akatswiri a chilankhulo, monga a ku Centre for Language Studies ku Zomba, atakhala pansi ndi opanga mapulogalamu a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique n'kudzaza mbali ya Chichewa. Zikalowa mmenemo zimatha kufika m'mafoni ndi m'makompyuta a anthu onse, popanda aliyense kuzilembanso.

Kalendala ndiye imodzi, si choncho?

Ayi. Ethiopia ili ndi miyezi 13, ndipo pa 11 Sepitembala 2025 inalowa chaka cha 2018. Ku Thailand 2025 ndi 2568, ndipo Intl ikapatsidwa th-TH imaonetsa chaka chimenecho yokha. Iran ili ndi kalendala yakeyake. Tsiku loyamba la sabata nalo limasiyana: Lamlungu ku America, Lolemba pa ISO 8601 ndi m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Amalonda athu owoloka pa Songwe amadziwanso kuti ku Tanzania wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi, komanso kuti m'Chiswahili maola amawerengedwa kuyambira kutuluka kwa dzuwa, moti ola loyamba la m'mawa ndi 7 koloko pa wotchi ya kumeneko.

Ndiyese bwanji kuti ndione ngati zonse zili bwino?

Muyese ndi zinthu zimene zingavumbule cholakwa. Deti la 5 Meyi silingakuuzeni kanthu chifukwa 05/05 n'chimodzimodzi mbali zonse. Tengani 6 Julayi ndi 25 Disembala, komanso 29 Febuluwale 2024. Lowetsani chinthu nthawi ya 00:30 usiku, pamene ku UTC likadali dzulo, muone ngati lipoti la tsikulo lachiwerengera pa tsiku loyenera. Sinthani kompyuta yanu ikhale pa America/Los_Angeles, kenako pa Pacific/Auckland, n'kutsegulanso tsamba lomwelo. Ikani browser pa de-DE ndi pa ar-EG. Ngati seva imalemba tsamba ndi chigawo chake pamene browser ikulembanso ndi chake, muona ola likusintha tsamba likangotseguka.

Chinanso, mawu amene Intl yatulutsa ndi oti munthu awerenge, pulogalamu isawadulenso kuti ipezemo nambala. Mu 2022 CLDR 42 inasintha kampata ka pakati pa ola ndi AM kapena PM n'kuikapo kampata kena kopyapyala, U+202F, kamene ndi maso simungakasiyanitse ndi kakale. Mapulogalamu amene ankadula mawuwo pa kampatako anasweka browser ndi Node.js zitalandira kusinthako. Kaundula wa tz nayenso amatuluka watsopano nthawi ndi nthawi, ndi mayina monga 2024a ndi 2024b, choncho pa ndandanda ya zokonza seva payenera kukhala mzere woona ngati tzdata, ICU ndi database zili ndi watsopanoyo.